Kaundula wa M'kalasi ndi Njira ya ku Ntchito Yofufuza za Matenda

Mawu Oyamba

Mphunzitsi aliyense amayamba tsiku lake ndi kuitana maina. Ntchitoyi ndi yaifupi, ndipo ambiri a ife timaichita mothamanga pofuna kuyamba msanga phunziro loyamba. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti kaundula ameneyu, amene timamuyesa chinthu wamba, ndiye khomo la ntchito imene dziko lathu likusoŵa anthu ake, ntchito yofufuza za matenda ndi kusanthula ziŵerengero. Tiyamba taona chimene ofufuza amachita, kenaka tiona sukulu ndi mabungwe amene amawaphunzitsa, ndipo pomaliza tipereka phunziro limene mphunzitsi wa sitandade 6 kapena 7 angaliyese popanda kugula kanthu. Zitsanzo zathu tazitenga ku Nkhata Bay ndi ku Karonga, koma mphunzitsi wa boma lina lililonse adzapeza zofanana nazo kwawo.

Zimene Zidachitika ku Nkhata Bay

Mu April 2019 dziko la Malaŵi lidakhala loyamba kupereka katemera wa malungo wotchedwa RTS,S kwa ana kudzera m'zipatala za boma, ndipo Ghana ndi Kenya adatsatira chaka chomwecho. Katemerayu adayamba m'maboma 11, ndipo Nkhata Bay lidali limodzi mwa mabomawo. Mwana amalandira kanayi: ali ndi miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Kubaya jekeseni idali theka chabe la ntchito. Theka linalo lidali kulemba: mwana uti walandira kangati, ndani wagonekedwa m'chipatala ndi malungo aakulu, ndani wamwalira ndipo adali ndi zaka zingati. Zolembedwa za m'maiko atatuŵa zitasonkhanitsidwa, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidavomereza katemerayu mu October 2021, ndipo pambuyo pake zidaoneka kuti imfa za ana a msinkhu wolandira katemera zidachepa ndi 13 pa 100 zilizonse m'madera amene adalandira. Makanda a mu 2019 aja ndiwo adayamba kuloŵa sitandade 1 cha m'ma 2025.

Chitsanzo chachiŵiri ndi choŵaŵa. Mliri wa kolera umene udalengezedwa mu March 2022 m'boma la Machinga udafika m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay mu August chaka chomwecho, nthaŵi ya chilimwe imene anthu sayembekezera kolera. Pofika mu 2023 anthu pafupifupi 59,000 adali atadwala m'dziko lonse, ndipo oposa 1,700 adamwalira. Pa nthaŵi yotere, amene amagaŵa mankhwala othira m'madzi, mahema ndi katemera amafunsa mafunso atatu: odwala ndi angati lero, akuchokera m'midzi iti, ndipo akumwa madzi a kuti? Yankho limachokera m'mabuku a alangizi a zaumoyo ndi anamwino a ku Chintheche, Kande, Usisya ndi zipatala zina, likafika ku ofesi ya zaumoyo ya boma, kumene malipoti amaloŵetsedwa m'kompyuta. Wolemba woyamba uja akalakwitsa kapena akangopeka, chithandizo chimapita kumene sichikufunika, ndipo kumene chikufunika anthu amafa.

Phunziro la ku Chilumba

Tisaganize kuti kafukufuku wozama ndi wa ku Ulaya kokha. Mu 1979 bungwe la LEPRA lidayambitsa ntchito yofufuza za khate pa Chilumba m'boma la Karonga, motsogozedwa ndi Jörg Pönnighaus ndi Paul Fine. Antchito ake, ambiri a iwo ana a m'bomalo, adayenda khomo ndi khomo kupima anthu ndi kulemba mbiri ya munthu aliyense, ndipo aliyense adapatsidwa nambala yake kuti adzadziŵike ngakhale atasamuka mudzi. Pakati pa 1986 ndi 1989 anthu oposa 120,000 adaloŵa m'kafukufuku wa katemera. Zotsatira zake, zimene zidafalitsidwa mu 1996, zidaonetsa kuti kubwereza katemera wa BCG kudachepetsa khate ndi pafupifupi theka, koma sikudateteze ku chifuwa chachikulu cha m'mapapo.

Tione bwino mfundo imeneyi. Ofufuzawo akadakondwa kupeza kuti katemerayo akuteteza matenda onse aŵiri, koma adalemba chimene adapeza, chokoma ndi chosakoma chomwe. N'chifukwa chake madokotala a maiko ena amakhulupirirabe zolembedwa za ku Karonga. Ntchito ija ikupitirira pansi pa dzina la MEIRU, ndipo kuyambira 2002 imalemba obadwa, omwalira ndi osamuka m'midzi yozungulira Chilumba. Imeneyi ndi ntchito ya kaundula, wosiyana ndi wathu kukula kwake kokha.

Njira ya Maphunziro

Mphunzitsi sangalozere mwana njira imene iye mwini saidziŵa. Ana ambiri amene amakonda sayansi amadziŵa ntchito ziŵiri zokha, udokotala ndi unamwino, ndipo akalephera kupeza malo pa zimenezi amayesa kuti zonse zatha. Nazi njira zina zimene tiyenera kuzidziŵa.

1. Dipuloma. Sukulu ya Malawi College of Health Sciences, imene ili ndi nthambi ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba, imaphunzitsa ogwira ntchito m'labotale ndi ena othandiza m'zipatala. Ofufuza angapo adayambira pa kupima magazi, nadzapitiriza maphunziro ali kale pa ntchito.

2. Digiri yoyamba. Yunivesite ya Mzuzu, imene idatsegulidwa mu 1999 ndipo ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera pa Nkhata Bay, imaphunzitsa sayansi ya m'labotale ya zachipatala, masamu ndi za makompyuta. Yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu, yodziŵika kuti KUHeS, idakhazikitsidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine, imene idayamba mu 1991, ndi Kamuzu College of Nursing. Yunivesite ya MUST ku Thyolo, imene idalandira ophunzira oyamba mu 2014, ili ndi maphunziro a tizilombo toyambitsa matenda, a chitetezo cha m'thupi ndi a zipangizo za m'chipatala. Kuti mwana aganiziridwe pa masankho a mayunivesite a boma ayenera kukhala ndi makirediti 6 pa mayeso a MSCE, Chingerezi chili momwemo, ndipo pa maphunziro tatchulaŵa amayang'ana kwambiri masamu, bayoloje, fizikisi ndi kemisitiri.

3. Digiri yachiŵiri ndi yachitatu. Yunivesite ya Malaŵi ku Zomba imapereka digiri yachiŵiri ya masamu a ziŵerengero za zaumoyo, ndipo KUHeS imapereka ya umoyo wa anthu onse ndi ya kafalidwe ka matenda. Bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, limene lidayamba mu 1995 pafupi ndi chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, limatenga achinyamata omaliza digiri yoyamba n'kuwaika m'manja mwa ofufuza aakulu, ndipo ochita bwino amathandizidwa mpaka digiri ya PhD. Kafukufuku wa katemera wa tayifodi amene adayamba mu 2018 pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa adachitika ndi bungwe limeneli, ndipo katemerayo adayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2023.

4. Maphunziro afupiafupi. Kuyambira 2016 Unduna wa Zaumoyo wakhala ukuphunzitsa antchito a m'maboma, kwa miyezi itatu, kafufuzidwe ka miliri ndi kasamalidwe ka malipoti. Mu 2020 UNICEF idatsegula ku Lilongwe sukulu ya African Drone and Data Academy, yophunzitsa achinyamata kuulutsa tindege topanda woyendetsa ndi kusandutsa zithunzi zake kukhala mapu othandiza pa za umoyo ndi pa ngozi za madzi osefukira.

5. Kunja kwa dziko. Sukulu ya masamu ya AIMS, imene idayamba ku Cape Town mu 2003 nidzatsegula nthambi ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda, imalipirira zonse ophunzira a mu Africa amene yawasankha pa digiri yachiŵiri. Palinso chithandizo cha Commonwealth ndi cha Beit Trust, chimene chimaperekedwa kwa anthu a ku Malaŵi, Zambia ndi Zimbabwe.

Tichenjeze kuti mwayi wambiri wa mtundu umenewu umadalira ndalama za maiko akunja, zimene zimabwera ndi kupita. Mu 2025 boma la America lidadula mbali yaikulu ya chithandizo chake. Maina a mapulogalamu adzasintha ana athu asanamalize sekondale. Chimene sichisintha ndi mtundu wa munthu amene onseŵa amafuna: wodziŵa masamu, woŵerenga Chingerezi momvetsa, ndi wokhulupirika pa zimene walemba.

Chimene Chiyenera Kuyamba Msanga

Sayansi ya ziŵerengero, imene pa Chingerezi amati data science, imagwiritsa ntchito makompyuta, ndipo ena angafunse kuti sukulu yopanda magetsi ingathandizepo chiyani. Yankho lathu ndi lakuti kompyuta munthu angaiphunzire ali ndi zaka 20, koma kukhulupirika polemba sikuphunzirika mochedwa. M'mera mpoyamba.

Tsiku lina tikuyendera ophunzira athu amene adali pa ntchito yoyeserera kuphunzitsa, tidapeza mmodzi akudzaza kaundula wa sabata yonse Lachisanu masana. Adaika chizindikiro cha kupezeka pa mwana aliyense, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo ana aŵiri adali pambali pake kumugwirira buku. Titafunsa anawo, adatiuza kuti mnzawo wina adali atagonekedwa m'chipatala kuyambira Lachiŵiri. Mphunzitsiyo sadali munthu woipa. Adangofuna kuti buku lioneke loyera pamaso pa mphunzitsi wamkulu. Koma ana aŵiri aja adaphunzira tsiku limenelo kuti cholembedwa m'buku la boma sichiyenera kugwirizana ndi chimene chidachitika. Mmodzi wa iwo akadzakhala mlangizi wa zaumoyo, adzadzaza lipoti la mwezi m'njira yomweyo.

Vuto lomweli timalipeza pa phunziro la sayansi. Mwana akayesa chinthu n'kupeza yankho losiyana ndi la m'buku, timamuchonga kuti walakwa, ndipo maŵa lake amangokopera za m'buku osayesanso. Mphunzitsi wanzeru amati, "Lemba chimene waona, kenaka tifufuze chifukwa chake chasiyana."

Phunziro la Chitsanzo

Kalasi: sitandade 6 kapena 7.

Nthaŵi: mphindi zisanu tsiku lililonse kwa teremu imodzi, ndi maphunziro athunthu atatu.

Zolinga: pomaliza, ophunzira athe (a) kulemba zimene aona tsiku ndi tsiku mosaphonya, (b) kuyerekeza magulu aŵiri osiyana kukula, (c) kusiyanitsa chimene akudziŵa ndi chimene akungoganiza.

Zipangizo: kaundula, pepala lalikulu kapena katoni, rula, botolo la pulasitiki lodulidwa kukamwa, miyala ing'onoing'ono kapena zitsekerero za mabotolo.

Gawo loyamba: kulemba. Pa pepala lalikulu lembani mizere isanu: tsiku, obwera, ojomba chifukwa cha kudwala, ojomba pa zifukwa zina, ndi ojomba amene chifukwa chake sichikudziŵika. Sabata iliyonse sankhani alembi aŵiri, mtsikana ndi mnyamata. Mukatha kuitana maina, aliyense aŵerenge payekha, kenaka ayerekeze. Akasiyana, aŵerengenso. Ofufuza a ku Chilumba ndi kwina konse amachita chimodzimodzi: munthu wachiŵiri amaona ntchito ya woyamba.

Mzere wachisanu uja ndiwo wofunika koposa. M'midzi ya m'mbali mwa nyanja anyamata ena amajomba chifukwa adachezera kuthandiza asodzi a usipa, ndipo atsikana ena atsala kulera ang'ono awo. Ana adzafuna kuika aliyense wojomba pa mzere wa odwala kuti ntchito ithe msanga. Aphunzitseni kuti kulemba kuti "sitikudziŵa" si manyazi. Aphunzitseninso kuti tsiku limene sitidalembe, monga la tchuthi kapena limene mphunzitsi adali kumaliro, lisiyidwe lopanda kanthu, osaikapo 0, pakuti 0 atanthauza kuti tidaŵerenga ndipo sitidapeze wodwala.

Botolo lija liimikeni pabwalo, kutali ndi denga ndi mitengo, ndipo m'maŵa uliwonse mwana ayeze kuya kwa madzi ndi rula asanawataye. Muyeso wake sudzafanana ndi wa a zanyengo, koma ukhoza kuonetsa sabata imene kudagwa mvula yambiri ndi imene kudagwa yochepa.

Gawo lachiŵiri: kuyerekeza. Pakatha milungu inayi, pemphani mphunzitsi wa kalasi ina kuti akupatseni ziŵerengero za tsiku limodzi. Tiyerekeze kuti m'kalasi mwanu muli ana 60 ndipo odwala ndi 12, pamene mu sitandade 2 muli ana 150 ndipo odwala ndi 21. Lembani 12 ndi 21 pa bolodi, mufunse kuti matenda achuluka kuti. Pafupifupi onse adzati mu sitandade 2. Musawatsutse. Apatseni miyala, aike 60 pa mulu umodzi ndi 150 pa mulu wina, achotsepo odwala. Posachedwa wina adzanena kuti kalasi inayo ndi yaikulu. Pamenepo atsogolereni kupeza kuti 12 mwa 60 ndi 20 pa 100 alionse, pamene 21 mwa 150 ndi 14 pa 100 alionse. Mwana amene wazipeza yekha zimenezi wagwira mfundo yaikulu ya maphunziro a kafalidwe ka matenda, yakuti chiŵerengero cha odwala sichinena kanthu tisanadziŵe kuti ndi odwala mwa anthu angati. Adzamvetsanso chifukwa chake boma la Nkhata Bay, limene pa kalembera wa 2018 lidali ndi anthu pafupifupi 285,000, silingayerekezedwe ndi Lilongwe pongoŵerenga odwala.

Gawo lachitatu: kumasulira. Kumapeto kwa teremu ana ajambule magalafu aŵiri, imodzi pamwamba pa inzake: mvula ya sabata iliyonse, ndi odwala a sabata iliyonse. Mwina adzaona kuti odwala akuchuluka patapita milungu ingapo mvula itagwa, osati sabata yomweyo. Apa ndi pamene masamu akumana ndi sayansi. Udzudzu umatenga sabata imodzi kapena ziŵiri kuchokera pa dzira kufikira pouluka. Udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles ukaluma wodwala, tizilombo ta malungo timatenga masiku 10 kapena kuposerapo tisanafike m'malovu mwake, ndipo munthu wolumidwa amayamba kumva kutentha thupi patatha sabata kapena kuposa. Ana aphatikize masiku ameneŵa aone ngati akugwirizana ndi galafu yawo.

Mwinanso galafu sidzaonetsa kanthu. Ngati zitatero, musaikonze kuti ikome. Funsani ana chifukwa chake: kodi kalasi imodzi ndi yokwanira? Kodi ena mwa odwalawo adali ndi chimfine kapena kutsegula m'mimba? Kodi m'mudzi mudagaŵidwa masikito atsopano? Ndipo ngakhale mizere iŵiri itakwerera pamodzi, akumbutseni kuti zinthu ziŵiri zochitika nthaŵi imodzi sizitanthauza kuti china chabala chinzake. Nyengo ya mvula ndi nyengonso ya njala ndi ya ntchito ya kumunda.

Zoyenera Kusamala

Choyamba, pa pepala lopachikidwa pakhoma pasapezeke dzina la mwana aliyense. Ziŵerengero zokha n'zokwanira. Ofufuza onse saloledwa kuyamba ntchito komiti yoona za ufulu wa anthu ofufuzidwa isanavomereze, ndipo kusunga chinsinsi ndi lamulo lawo loyamba.

Chachiŵiri, mphunzitsi si dokotala. Lembani kuti "kudwala" basi. Si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo. Zimadziŵika magazi akapimidwa kuchipatala. Musafunse mwana pagulu dzina la matenda ake kapena mankhwala amene amamwa.

Chachitatu, dziŵitsani mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu musanayambe, kuti makolo asadabwe. Mukaona ana ambiri akutsegula m'mimba nthaŵi imodzi, musadikire kutha kwa teremu. Tumizani uthenga kwa mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo.

Chachinayi, ana ambiri a ku Nkhata Bay amalankhula Chitonga kwawo, ndipo ena Chitumbuka. Aloleni akambirane mfundo ya "mwa angati" m'chiyankhulo chimene amaganizira, kenaka alembe m'chiyankhulo cha phunziro.

Kulozera Ana Njira

Phunziroli likatha, itanani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti adzaone pepala la ana ndi kuwaonetsa fomu yosalembedwa imene iye amadzaza mwezi ndi mwezi. Ngati n'kotheka, pemphani wogwira ntchito m'labotale ya chipatala cha boma kuti adzafotokoze sukulu zimene adadutsamo. Mwana akaona munthu wa kwawo komweko akugwira ntchito yotere, amakhulupirira kuti iyenso angathe.

Tiyang'anitsitse makamaka atsikana. Kaŵirikaŵiri timawapatsa ntchito yosesa ndi kutunga madzi, rula n'kupatsa anyamata. M'phunziro lino ntchito zonse zizisinthana. Ndipo amene akupita ku sekondale tiwauze mosabisa kuti wosiya fizikisi, kemisitiri kapena masamu pofika fomu 3 wadzitsekera yekha makomo ambiri amene tatchula m'nkhani ino, pakuti ambiri amazindikira zimenezi atalemba kale mayeso a MSCE.

Mawu Omaliza

M'kalasi ya ana 60, mwina mmodzi yekha ndiye adzafike ku Zomba kapena ku Blantyre kukachita digiri ya kafukufuku. Ena adzakhala anamwino, alangizi a zaumoyo, alembi a mafumu, asungichuma a mipingo ndi a magulu a asodzi, ndipo onseŵa adzasunga mabuku amene ena adzadalire. Wofufuza mmodzi uja sadzapeza choona ngati anzake a m'kalasi adzamutumizira ziŵerengero zopeka. Choncho phunziroli ndi la kalasi yonse, ndipo liyamba ndi mmene ife eni timadzazira kaundula m'maŵa uliwonse.

Mafunso Okambirana

1. Tengani kaundula wa sukulu imene mukuyesererapo kuphunzitsa. Kodi mungadziŵe bwanji ngati adadzazidwa tsiku ndi tsiku kapena nthaŵi imodzi?

2. Mudzi wina uli ndi anthu 400 ndipo odwala ndi 28. Wina uli ndi anthu 250 ndipo odwala ndi 20. Konzani mafunso atatu otsogolera ana kupeza okha mudzi umene wavutika koposa.

3. Mwana wa sitandade 8 wakuuzani kuti amakonda masamu koma amaopa magazi. Mungamuuze za ntchito ziti za zaumoyo, ndipo alimbikire maphunziro ati ku sekondale?